ZA PABENCHI: Njovu za ku Bua akuzidziwa, nanga ife tilipo angati?

Sabata yatha simunandione m'tauni muno poti ndinathawira kaye kumudzi kwathu ku Bua, kwa Mphonde m'boma la Nkhotakota, kukazonda agogo anga omwe miyendo yayamba kuwavuta. Ndayenda bwino, kondowole ndadya, ndipo nkhani ya lero ndaitola komweko.

Pobwerera, tili chiimire pafupi ndi mlatho wa Bua kudikira minibasi, panabuka kamkangano. Mayi ena a geni anali ndi matumba atatu a mpunga wa Kilombero ndi dengu la usipa, ulendo wa ku Lilongwe. Bambo ena achikulire, omwe aliyense amangowatchula kuti aphunzitsi, anawafunsa:

"Mayi, katundu yenseyu mukamutha liti? Si wa mwezi wathunthu ameneyu?"

"Aphunzitsi, Lilongwe simukumudziwa inu. Masiku atatu basi. Muli anthu m'mene muja, mamiliyoni atatu kapena anayi."

"Iyayi mayi, boma linawerenga. Sanakwane ndi miliyoni imodzi yomwe."

"Linawerenga nthawi yanji? Usiku anthu atagona? Awuzeni abwere Loweruka m'mawa pa mlatho wa Lilongwe, adzayese kudutsa ndi dengu pamutu."

Tonse tinafa nacho chiseko. Mnyamata wina wa kabaza yemwe amamvetsera ali khale panjinga yake anaponyapo lake: "Ndiye bola njovu za m'nkhalangomu. Zimenezo akuzidziwa kuti zilipo zingati. Ife kaya."

Ndakhala ndikulingalira mawu a anthu atatuwa msewu wonse wa Salima, ndipo ndapeza kuti aliyense wa iwo anali ndi mbali yake ya choonadi.

Tiyambe ndi mnyamata wa kabaza. Mtsinje wa Bua usanathire m'nyanja umadutsa m'nkhalango yosungira nyama ya Nkhotakota. M'zaka za 2016 ndi 2017, bungwe la African Parks linasamutsira m'nkhalangomo njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Imodzi imodzi inagonekedwa ndi mankhwala, kukwezedwa pa lole, kulembedwa m'buku, zina mpaka kuvekedwa makolala osonyeza komwe zili. Kuwerenga njovu sikuvuta chifukwa njovu sinama. Sibisa mwana wake kuseri kwa nyumba, ndiponso siopa msonkho.

Aphunzitsi aja nawonso sanalakwe. Ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba inachititsa kalembera wa anthu ndi nyumba mu Sepitembala 2018, ndipo inapeza kuti m'Malawi muno tinalipo 17,563,749. Mzinda wa Lilongwe unali ndi anthu 989,318, Blantyre 800,264, Mzuzu 221,272 ndipo Zomba 105,013. Boma lonse la Nkhotakota linali ndi anthu oposa 390,000. Kungoti aphunzitsiwo anaiwala kuti nambala ya kalembera imakalamba msanga ngati tomato. Lilongwe ankangoperewera anthu pafupifupi 11,000 kuti akwane miliyoni, ndipo amenewo anakwanira miyezi yochepa alembi atangolongedza zikwama zawo.

Taonani m'mene mzindawu wakulira. Mu 1966 munali anthu osakwana 20,000. Likulu la dziko litasamuka ku Zomba mu 1975, kalembera wa 1977 anapezamo pafupifupi 99,000. Mu 1987 anali 223,000, mu 1998 anali 440,000, ndipo mu 2008 anafika cha m'ma 670,000, n'kupitirira Blantyre koyamba. Pakati pa 2008 ndi 2018 munaonjezekera anthu oposa 300,000, kutanthauza oposa 30,000 chaka chilichonse. Tauni ya pa boma pa Nkhotakota inali ndi anthu cha m'ma 28,000 mu 2018. Ndiye kuti chaka ndi chaka Lilongwe amameza Nkhotakota yathunthu, ndi msika wake, mizikiti yake ndi matchalitchi ake omwe, osatsamwa.

Nanga mayi a mpunga aja? Mamiliyoni anayi anaonjeza, ameneyo ndi mchere wa pakamwa pa munthu wa geni. Koma pomwe anati boma linawerenga anthu atagona, anamenya pamutu pa nkhani. Kalembera amalemba munthu komwe amagona, osati komwe amagulitsa. Mayi wochokera ku Mitundu kapena ku Nathenje yemwe amafika mu msika wa Lilongwe tambala asanalire kachiwiri, n'kukhalamo mpaka dzuwa kulowa, sali m'gulu la 989,318 lija. Iye analembedwa ku Lilongwe wa kumidzi, komwe kunapezeka anthu oposa 1.6 miliyoni. Chimodzimodzi wa ndiwo zamasamba wa ku Bvumbwe yemwe amagulitsa ku Limbe ndi wa ku Thyolo, ndipo wa ku Ekwendeni yemwe amaswera mu msika wa Mzuzu ndi wa ku Mzimba. Chonsecho madzi amamwa m'tauni, chimbudzi amalowa cha m'tauni, zinyalala amasiya m'tauni, ndipo chiphaso cha msika amadula tsiku ndi tsiku ku khonsolo ya m'tauni. Mzinda wa usiku ndi wina, mzinda wa masana ndi wina. Wa m'mabuku ndi wa usiku. Womwe inu mumapanikizana nawo m'tinjira ta pamsika ndi wa masana.

Tsopano ndiulule tchimo langa, poti munthu sangamaloze anzake chala pomwe zake zili kumphasa.

Mu Sepitembala 2018 ndinali ku Bua, nditangolemba kumene mayeso a Fomu 4. Mlembi wa kalembera anafika pakhomo pa agogo, mtsikana waulemu wake, atanyamula kachipangizo konga foni yaikulu kolembera mayankho. Anakhala pamphasa, n'kufunsa kuti pakhomo pano mumakhala anthu angati.

Agogo anatchula iwo eni, ine, asuweni anga awiri ndi akazi a amalume. Basi.

M'nyumba munali khanda la sabata ziwiri, likadali m'chikuta. Litalira, mtsikana uja anafunsa: "Agogo, nanga akulirayo?"

"Ameneyo ndi wa alendo, mwanangu. Apita mawa."

Mlembi atachoka ndinawafunsa agogo chifukwa chomwe ananamira. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. "Iwe, ana sawerenga ngati nkhuku. Mwana alibe ndi dzina lomwe, ukufuna alowe m'makina a boma? Sunamve m'tchalitchi zomwe zinachitika mfumu Davide atawerenga anthu ake?"

Amalume anga panthawiyo anali padoko lina kutali, kutsatira usipa ndi chilimira. Agogo anati akawalemba konko. Amalumewo atabwera anati padoko paja anauza alembi kuti iwo ndi a ku Bua, awalemba kale kumudzi. Mayi anga aang'ono, omwe amachita geni ya nsomba ku Lilongwe, ankachita lendi kachipinda ku Mtandire. Ankachoka mbandakucha n'kubwerera usiku. Mlembi anapeza loko pachitseko, ndipo eni nyumba anangoti: "Ameneyo ndi mlendo, kwawo ndi ku Nkhotakota."

Werengani nokha. Pa anthu asanu ndi atatu a banja limodzi, olembedwa anali asanu. Atatu anasowa ali moyo. Ndipo ine, mwana wa sukulu yemwe ndinali nditangoloweza kumene za chiwerengero cha anthu pokonzekera mayeso, ndinali pomwepo pamphasa, kukamwa kuli chete. Mlembi uja sanalakwe kanthu. Analemba zomwe tinamuuza.

Koma imvani zotsatira zake. Itafika nthawi yolemba mayina a makuponi a fetereza, khomo lomwe lija linabereka mabanja atatu. Agogo banja lawo. Amalume ndi akazi awo, pamodzi ndi khanda la alendo lija, banja lawo. Mayi aang'ono anakwera minibasi usiku kuchokera ku Lilongwe kudzaonetsa nkhope kuti nawonso ndi mlimi wa ku Bua. Kukakhala kuwerenga kopanda cholowa timachepa, kukakhala kolandira timaswana ngati mbewa. Ndikunama, a Malawi anzanga?

Musaganize kuti ndi pakhomo pathu pokha. Nkhani yomweyi inazunguza boma lonse nthawi ya a Bakili Muluzi. Kalembera wa 1998 anapeza anthu 9.9 miliyoni m'dziko muno, ndipo mwa iwo 8.5 miliyoni anali a kumidzi, m'mabanja osakwana 2 miliyoni. Koma kaundula wa olandira sitata paki, timatumba tija ta mbewu ndi fetereza taulere, anali ndi mabanja pafupifupi 2.9 miliyoni. Kusiyana kwake pafupifupi miliyoni yathunthu! M'chaka cha 2000 akatswiri a ku yunivesite ya Reading ku Britain pamodzi ndi anzawo a konkuno analowa m'midzi yoposa 50 n'kupempha eni midzi kuti ajambule okha mapu a mudzi wawo, nyumba ndi nyumba, onse akuona. Atawonkhetsa, anati mabanja a kumidzi anali pafupifupi 2.8 miliyoni ndipo anthu ake 11.5 miliyoni, kusonyeza ngati kalembera anadumpha anthu ambiri zedi. Koma kalembera wa 2008 atabwera, patatha zaka zisanu ndi zitatu, anapeza anthu a kumidzi cha m'ma 11 miliyoni okha. Apa mkangano unangokula.

Gwero lina la kusiyanaku ndi funso looneka lachibwana: kodi banja n'chiyani? Kwa a kalembera, banja ndi anthu okhala pamodzi omwe amadya za mumphika umodzi. Kwa olemba za ulimi, nkhani imagona pa munda. Bambo wa mitala ali ndi mabanja angati? Nanga gogo wamasiye yemwe ali ndi kamunda kake koma amadya kwa mwana wake? Inu a pamsika mukudziwa bwino kuti awiri akamakangana za kuchuluka kwa usipa, choyamba n'kuona ngati akuyezera chigoba chimodzi.

Mantha athu pa kuwerengedwa sanayambe lero. Nthawi ya atsamunda, kuwerenga anthu kunkayendera limodzi ndi msonkho wa nyumba, ndipo mtengatenga wa boma akaoneka, amuna ankathawira kuthengo kapena kupalasa bwato kulowa pakati pa nyanja. Nthawi ya chipani chimodzi, akuluakulu amatiuza kuti pachipata cha msika pankaima anyamata ofunsa khadi la chipani, ndipo mayi woyembekezera ankauzidwa kuti agulirenso khadi mwana wa m'mimba. Masiku amenewo ngakhale wosabadwa ankawerengedwa, bola alipire. Kenaka mu 2017, chaka chimodzi kalembera asanachitike, mphekesera za anamapopa zinawopseza anthu ku Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi madera ena, moti mlendo aliyense wonyamula chikwama ankayang'anidwa ndi diso lofiira. Ndiye agogo anga musawaseke kwambiri. Anaphunzira kuti boma likakufunsa dzina, kawirikawiri limafuna kukulanda kanthu.

M'tauni mantha omwewa amavala malaya ena. Pitani ku Mtandire, ku Mgona, ku Ndirande kapena ku Mbayani. Poloti imodzi, zitseko khumi, chitseko chilichonse banja lake. Mwini poloti akaona munthu wa mapepala amaganiza za msonkho wa khonsolo, ndiye amati pano timakhala ine, mayi ndi ana basi. Onjezani anyamata ogona m'mashedi kulondera katundu, ana a m'misewu, alonda omwe usiku ali kuntchito ndipo masana ali mtulo, ndi a geni oyendayenda omwe sabata ino ali ku Bua, sabata ya mawa ali ku Wakawaka. Anthu amenewa ndi ovuta kuwapeza, ndipo ambiri mwa iwo ndi anthu a pamsika.

Nanga pakati pa kalembera ndi kalembera, poti amachitika kamodzi pa zaka khumi, akatswiri amadziwa bwanji kuchuluka kwa anthu? Amachita zomwe inu mumachita ndi usipa. Palibe amene amawerenga usipa umodzi umodzi. Mumadziwa kuti chigoba chimodzi chimatulutsa milu ingati, n'kuwerenga zigoba. Iwonso amatenga nambala ya kalembera wapita, n'kuonjezera obadwa, kuchotsera omwalira, n'kuyerekeza olowa ndi otuluka. Dziko lonse linkakula ndi anthu pafupifupi atatu pa 100 aliwonse chaka chilichonse pakati pa 2008 ndi 2018, pomwe Lilongwe ankakula ndi pafupifupi anayi pa 100. Ine ndinatenga bolopeni ndi chikatoni cha sopo n'kuyesa: ngati liwiro limenelo silinasinthe, pofika 2025 Lilongwe anali atayandikira anthu 1.3 miliyoni, ndipo mzindawu umawirikiza kawiri zisanakwane zaka 20. Njira ina n'kuwerenga madenga pa zithunzi zojambulidwa kuchokera kumwamba, n'kuchulukitsa ndi anthu a m'banja limodzi, omwe mu 2018 anali anayi kapena asanu. Koma denga silinena kuti pansi pake pali zitseko zingati. Ndipo chigoba chikakhala chophwanyika pansi poyamba pomwe, milu yonse yotsatira imaperewera.

Vutoli si la Malawi yekha. Ku Nigeria, kalembera wa 2006 anati Lagos ili ndi anthu 9 miliyoni, koma boma la chigawocho linakana n'kunena kuti alipo oposa 17 miliyoni. Ku South Africa, komwe abale athu ambiri ali pa ganyu, atachita kalembera mu 2022 anabwereranso m'madera ena osankhidwa kukaona ngati onse analembedwa, ndipo anapeza kuti pafupifupi anthu atatu pa khumi aliwonse anadumphidwa. Dziko la ndalama zake limenelo. Ndiye tisamangoti a ku Zomba ndi aulesi. Ntchitoyi ndi yovuta, ndipo ife owerengedwa ndi amene timaivutitsa kwambiri.

Wina afunsa kuti: nanga ine wa tomato zikundikhudza chiyani? Zikukukhudzani pamphuno penipeni, mayi. Boma likamagawa ndalama ku makhonsolo, mankhwala ku zipatala, aphunzitsi ndi mabuku ku masukulu, limayang'ana nambala zomwezi. Podula malire a madera a aphungu, omwe anachoka pa 193 kufika pa 229 pa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025, kuchuluka kwa anthu ndi chimodzi mwa zomwe zinayang'anidwa. Madzi atasefukira ku Dwangwa mu 2024, kufupi ndi kwathu komwe, obweretsa thandizo anayamba ndi funso lomweli: kuno kumakhala anthu angati?

Ndipo msika ukamangidwa poganizira anthu ochepa, mavenda amasefukira mumsewu, kenaka apolisi a khonsolo amabwera ndi galimoto kudzalanda katundu, ati mukuipitsa mzinda. Chimbudzi cha zitseko zinayi chimatumikira khamu la anthu, mpopi umodzi mzere mpaka kuchipata. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa, ndipo kugulitsa zakudya zophikaphika kunaletsedwa. Amene anagona ndi njala ndani? Si a m'maofesi ayi. Ndi mayi wa mandasi, mnyamata wa chiwaya ndi mayi wa nsima ya pamsika. Kolera siyang'ana kuti unalembedwa ku Mitundu kapena ku Area 36. Imakupeza pomwe waswera.

Tsono titani? Ngati mwambo wa zaka khumi usungidwa, kalembera wina akubwera mu 2028. Sipatali. Pempho langa loyamba likupita kwa ife eni. Mlembi akadzafika, tidzanene zoona: khanda la m'chikuta, wa lendi wa kuseri, mphwathu wogona pakhonde, amalume omwe ali kunyanja. Lamulo limati zomwe mwauza mlembi wa kalembera ndi zachinsinsi, sizipita kwa okhometsa msonkho. Inu ochoka mbandakucha, mudzasiye uthenga kwa anansi, kapena mudzafunse kwa amfumu a m'dera lanu tsiku lomwe alembi adzabwerenso. Kutaya theka la tsiku la geni n'kowawa, ndikudziwa, koma kusowa m'mabuku kwa zaka khumi n'kowawa koposa.

Lachiwiri likupita kwa a ku Zomba. Nthawi ino mudzatiuzenso za mzinda wa masana. Mudzafunse anthu komwe amagwira ntchito kapena kuchita geni, osangoti komwe amagona. Mudzafike m'madoko nthawi yomwe asodzi ali pamtunda, ndi m'misika nthawi yomwe eni mabenchi alipo.

Lachitatu ndi la makomiti a misika, ndipo ili silikufuna kudikira 2028. A tcheyamani, kodi mukudziwa kuti mu msika mwanu muli mabenchi angati, ndipo oyala pansi ndi angati? Tengani kope la sukulu, mugawane mizere, muwerenge Lachiwiri lina ndi Loweruka lina. Kenaka mukafunse ku khonsolo kuti ziphaso zomwe amadula pa tsiku ndi zingati. Buku la ziphaso lija ndi kalembera wa tsiku ndi tsiku, ndipo pa kalembera ameneyo palibe amene amadumphidwa. Wodula ziphaso amakupeza ngakhale utabisala kuseri kwa thumba la makala. Ngati amatha kutiwerenga potolera ndalama, atiwerengenso ndi nambala yomweyo pomanga zimbudzi ndi kuika mipopi. Mukapita kukadandaula ndi pakamwa pokha adzakuuzani kuti tamva, tiona. Mukapita ndi nambala m'manja, nkhani imasintha. Mutu umodzi susenza denga, koma mitu yowerengedwa bwino imavuta kuikana.

Ndisanachoke ku Bua ndinawakumbutsa agogo za khanda la alendo lija. Pano ndi kamtsikana kotakataka, kali pa sukulu ya pulayimale, m'kalasi momwe ana amakhala mothithikana pansi, ena mpaka pakhomo. Agogo amadandaula kuti boma silimanga makalasi okwanira.

Ndinati: "Agogo, boma limanga bwanji kalasi ya mwana yemwe munati ndi wa alendo, apita mawa?"

Anakhala chete kanthawi, akusenda chinangwa. Kenaka anati: "Chabwino, akadzabweranso udzandiuze. Koma udzatchule ndiwe mayinawo. Ine pakamwa panga sipawerenga ana."

Tagwirizana choncho. Inunso kambiranani ndi a kwanu.

Geni iyende bwino sabata ino. Tionana pabenchi pomwe pano sabata ya mawa.